Ekisero ya kalavani yapindika: kuiwongola kapena kuika ina?

Wapaulendo47

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna malangizo kwa amene mumadziwa za makalavani okoka ndi galimoto, aja okhala ndi tenti pamwamba, khitchini yochita kusolola m'mbali ndi thanki ya madzi pansi. Yangayi ndi ya ekisero imodzi (chitsulo chopingasa chonyamula matayala), masipiring'i ake ndi a mapuleti ngati a kumbuyo kwa pikiapu. Ekiseroyo ndi chitsulo chathunthu cha ngodya zinayi, 45 mm mbali iliyonse. Kapuleti ka pa mkono wokokera kalembedwa GVM (kulemera kololedwa itadzaza) 1,500 kg, ndipo yopanda katundu 950 kg. Mabuleki ndi a makebulo, aja ogwira okha galimoto ikamachepetsa liwiro. Malimu ndi a mabowo 6 ngati a Hilux, matayala 245/70 R16.

Tayala lakumanzere linagwera m'dzenje pamsewu wa ku Salima kalavani itadzaza. Tsopano likuoneka lopendekera mkati kumwamba kwake, likudyeka mbali ya mkati, ndipo habu yake, pomangira limu paja, ikutentha kuposa yakumanja ngakhale pa ulendo waufupi wa m'tawuni. Pagalaja ina akuti atha kuitenthetsa ndi gasi n'kuiwongola ndi jeke tsiku limodzi.

Kodi kuwongolako n'kodalirika? Ngati ayi, ndiyeze chiyani kuti ndisagule ekisero yosalowa, nanga muno mu Lilongwe ingapangidwe kapena mpaka kuitanitsa ku Joni? Ndiponso ndikufuna kudziwa ndondomeko yochotsera yakale ndi kuika yatsopano, kuti ndikathe kuyang'anira ntchitoyo ndi maso odziwa. Zikomo.

Makaniko_Biwi

Pepani akulu ndi vutolo. Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, tsimikizani kaye kuti cholakwika ndi ekiserodi. Pali zinthu zitatu zimene zimaoneka mofanana munthu akaima kumbuyo kwa kalavani: bering'i yakufa, limu yopindika, ndi ekisero yopindika.

Kwezani mbali yowonongekayo kuti tayala lilendewere. Ligwireni kumwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamachita gwedegwede, bering'i yakhwefuka kapena yadyeka. Kenako lizungulitseni mutaimika botolo pafupi ndi mkombero wa limu. Limu ikamayandikira botolo n'kumatalikiranso, chapindika ndi limu kapena habu. Ekisero yopindika siivinitsa tayala ayi. Tayala limazungulira bwinobwino, koma lili chipendekere mbali imodzimodziyo.

Mukatero tsitsani kalavani pa simenti yosalala, tengani levulo ya omanga nyumba, muiimike chilili pafupi ndi limu, ndipo yezani mpata wa kumwamba ndi wa pansi. Pa limu ya mainchesi 16, kusiyana kwa 7 kapena 8 mm ndi digiri imodzi. Chitaninso mbali inayo n'kuyerekeza. Yezaninso ndi tepi kuchokera limu ina kufika inzake, kutsogolo ndi kumbuyo, pa msinkhu wofanana. Zikasiyana kuposa 3 mm, tayala limodzi likuyenda chotsekula kapena chotseka, ndipo limenelo ndi lomwe limatha mphira ngati lapalidwa ndi tupa.

Chomaliza, chotsani habu, pukutani girizi yense pa sitabu, ndiye kuti nsonga ya ekisero pokhala mabering'i paja. Yang'anani ngati pabiriwira chifukwa cha kutentha, ngati pali mizere yosonyeza kuti bering'i inkazungulira pa sitabu m'malo mokhazikika, ndiponso ngati pokhala silu yotsekera girizi pakumbika. Bering'i yatsopano iyenera kulowa ndi dzanja mothina pang'ono, osachita kugwedera. Ikamagwedera, sitabuyo yatha, ngakhale ikhale yowongoka.

Tsono za gasizo, ine ndikuti ayi. Ekisero yogundidwa m'dzenje kawirikawiri imapindika pakati pa sipiring'i ndi habu, makamaka pakhosi pomwe chitsulo cha ngodya zinayi chimasanduka chobulungira. Pamenepo ndi pomwe mphamvu yonse ya katundu imathera. Chitsulo chimenechi si chofewa ngati cha mageti. Mukachifiiritsa ndi moto n'kuchipinda chobweza, kulimba kwake kumasintha: chikazizira pang'onopang'ono chimafewa, n'kudzapindikanso pa dzenje lotsatira, akachithira madzi chimauma gwa, n'kuyamba timing'alu tosaoneka ndi maso. Ekisero yotere siichenjeza. Imathyoka pakhosi pomwepo, tayala n'kuchoka limodzi ndi habu ndi dilamu ya buleki. Pa kalavani ya ekisero imodzi palibe tayala lina lotsala mbali imeneyo.

Zoyeza musanagule ndi izi, ndipo zilembeni pa pepala, osati kungotumiza chithunzi pa WhatsApp n'kunena kuti ndikufuna yonga iyi.

Choyamba ndi utali wochokera pamene limu imagunda habu mbali ina kufika pomwepo mbali inayo. Poti yanu yapindika, musaiyeze yonse chifukwa ikunamizani. Yezani mbali yabwinoyo kuchokera pakati pa sipiring'i kufika pogunda limu, chulukitsani kawiri, n'kuphatikiza ndi muyeso wachiwiri, womwe ndi kuchokera pakati pa sipiring'i ina kufika pakati pa inzake. Muyeso wachiwiriwu utengeni pa mahang'ala, zitsulo zokolekapo masipiring'i zomwe zinawotchereredwa ku chesisi, osati pa ekisero, chifukwa masipiring'i akhoza kukhala kuti anakankhika.

Kenako onani ngati ekisero ili pansi pa masipiring'i kapena pamwamba pake, ngati ndi yowongoka kapena sitabu inakwezedwa kuposa thupi la ekisero, m'lifupi mwa masipiring'i, manambala olembedwa pa mabering'i onse awiri ndi pa silu, kukula kwa dilamu ya buleki, ndi mtunda wa mabowo anayi omangira puleti ya buleki. Za malimu, mabowo 6 a Hilux ndi 6x139.7, ndiye kuti mabowo 6 pa bwalo la 139.7 mm, ofanana ndi a Land Cruiser 80. Koma Land Cruiser 100 ya V8 ndi ma 70 atsopanowa ndi 5x150, choncho musangonena kuti "ya Cruiser". Yezaninso bowo la pakati pa limu, chifukwa mabowo a mabawuti akhoza kugwirizana koma mphuno ya habu n'kukana kulowa.

Wowotcherera_Kanengo

Achimwene a ku Biwi anena zoona, ndingowonjezera mbali ya zitsulo, komanso pena ndisiyana nawo pang'ono.

Kuwongola kulipo kololeka, koma ndi kwa pa puresi, kopanda moto, ndipo ndi kwa ekisero yomwe yapindika pang'ono pakati pa masipiring'i awiri, kutali ndi sitabu. Yopindika pakhosi, kapena yomwe sitabu yake yabiriwira, imeneyo ndi ya sikirapu basi. Komanso dziwani kuti maekisero ena amabwera kuchokera kufakitale atakhota pang'ono chokwera m'mwamba pakati pake, kuti akasenza katundu awongoke. Kukhota kumeneko si vuto, ndipo poika chimsanacho chimayang'ana kumwamba. Mukaitembenuza, matayala onse awiri adzadyeka mkati musanathe chaka.

Wina akhoza kukuuzani kuti adule sitabu yowonongekayo n'kuwotchererapo ina. Pa chitsulo chathunthu cha 45 mm, ndodo yowotcherera siilowa mpaka pakati, ndiye chogwira ndi chikhungu chakunja chokha. Kanani. Kaninso ekisero ya kumbuyo kwa galimoto yakale. Pa ngolo ya ng'ombe imagwira ntchito, koma ngolo siithamanga 80 pa M1.

Kodi ingapangidwe muno? Inde, malo okhala ndi makina aakulu osemera zitsulo (lathe) ku Kanengo ndi ku Area 4 atha kusema masitabu pa chitsulo chatsopano, bola bedi la makinawo litalike mokwanira. Chofunika ndi kufunsa mtundu wa chitsulo. Chikhale cha gulu la EN8 kapena chofanana nacho, osati chitsulo wamba chomangira nyumba. Muwauze kuti pakhosi asasemepo ngodya yakuthwa, pakhale pokhota mosalala, poti ngodya yakuthwa ndi pomwe mng'alu umayambira. Apatseni mabering'i atsopano, silu ndi nati kuti asemere pa zimenezo, osati pa sitabu yakale yodyekayo. Ngati chitsulo choyenera sichikupezeka, ndi bwino kudikira yochokera ku South Africa, komwe makalavani ambiri amtunduwu amachokera. Itanitsani yathunthu, ya mahabu ndi mabuleki ake, koma muwerengeretu za mayendedwe ndi msonkho wa pa boda, chifukwa ndi katundu wolemera ndiponso wautali.

Ikabwera timapuleti tokhalira masipiring'i tisanawotchereredwe, n'zabwinonso, chifukwa mudzatiika pa muyeso weniweni wa chesisi yanu. Powotcherera, mzere uziyenda motsata utali wa ekisero, osati mopingasa. Mzere wopingasa uli ngati kulemba chitsulo ndi sowo pomwe ukufuna chithyokere. Yambani ndi kungogwiriza timadontho, yezaninso, kenako malizani pang'onopang'ono mosinthasintha mbali kuti kutentha kusakoke chitsulo. Mahabu akhale atachotsedwa, ndipo waya wa ethi wa makina owotcherera umangidwe pa thupi la ekisero pafupi ndi powotcherera. Mukaumanga pa habu, magetsi amadutsa m'mabering'i n'kusiya timabala, bering'i yatsopano n'kuyamba kulira isanayende n'komwe.

Wapaulendo47

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayeza monga mwanenera. Limu siikuvina. Pa levulo, kumanzere mpata ukusiyana 15 mm, kumanja 2 mm. Sitabu yakumanzere yabiriwira pokhala bering'i yamkati. Manambala ndi L68149 mkati ndi LM12749 kunja. Pakati pa masipiring'i pali 1,150 mm, ndipo mbali yabwinoyo kuchokera pa sipiring'i kufika pogunda limu ndi 225 mm, kutanthauza 1,600 mm yonse. Ekisero ili pansi pa masipiring'i, masipiring'iwo ndi a 60 mm m'lifupi.

Katundu wa tsiku lililonse ndi thanki ya malita 120, zigubu ziwiri za dizilo za malita 20, masilinda awiri a gasi a 9 kg, mabatire awiri a 100Ah, furiji, ndi tenti yomwe inachita kuwonjezedwa pambuyo pake. Kodi ndiikenso ya 45 mm kapena ndikwere pa 50 mm? Ndipo ndikudikirabe ndondomeko ya kaikidwe.

Madala_a_Area4

Bwana, ndi manambala mwaperekawo nkhani ya kuwongola yatha. Madigiri awiri pa tayala limodzi ndi sitabu yopsa, imeneyo ikufunika ina.

Koma tawerengerani katundu wanuyo musanasankhe. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ndi 120. Zigubu ziwiri zodzaza, pafupifupi 45. Masilinda awiri, poti 9 kg ndi gasi yekha popanda chitsulo chake, pafupifupi 40. Mabatire awiri, 60. Furiji yodzaza, 50. Tenti, 60 kapena 70. Mwafika kale cha m'ma 1,330 musanaike tayala la sipeya, mipando, mapoto, zakudya, nkhuni ndi zikwama. Pobwerera kuchokera kunyanja mukangowonjezera matumba awiri a mpunga, 1,500 mwaipyola. Ekisero ya 45 mm yokhala ndi mabering'i mwatchulawo opanga ambiri amaiwerengera cha m'ma 1,400 mpaka 1,450 kg, ndipo muyeso umenewo ndi wa pa tara wabwino. Dzenje linangomalizitsa ntchito yomwe katundu anaiyamba kale. Ipititseni pa sikelo yoyezera magalimoto itadzaza monga mumayendera, mudziwe nambala yeniyeni.

Ine ndikuti kwerani pa 50 mm, yokhala ndi mabering'i aakulu, makamaka ngati mumalowa misewu ngati wa ku Dzalanyama kapena m'kati mwa Kasungu National Park. Koma mumvetse kuti GVM siikwera chifukwa cha ekisero. Masipiring'i, kapulini yokolekera ku galimoto, chesisi ndi mabuleki zidakali za 1,500 kg, ndipo mapepala a ku Road Traffic akunenabe nambala yomweyo. Musatalikitsenso ekisero pofuna kuti kalavani itambalale. Mtunda wa 225 mm uja ukakula, mphamvu yopinda pakhosi imakulanso. Mukasintha kukula kwa ekisero, ma U-bolt omangira ekisero ku masipiring'i ndi mapuleti ake asinthenso, ndipo mahabu akale salowa pa sitabu yatsopano.

Kaikidwe kake. Madzulo a dzulo lake thirani mafuta osungunula dzimbiri pa manati onse. Khuthulani thanki, tsitsani katundu, chotsani masilinda a gasi ndi zigubu za mafuta n'kuziika kutali, masulani mabatire, chifukwa pakhala girayinda ndi kuwotcherera. Gwirani ntchito pa simenti, kalavani ili yokoleka ku galimoto yomwe ili pa handibuleki. Masulani pang'ono manati a matayala adakali pansi. Jeke igwire chesisi, ndipo masitandi achitsulo alowe pansi pa chesisi mbali zonse ziwiri, kumbuyo kwa masipiring'i. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, zimaphwanyika mwadzidzidzi. Timiyendo ta m'makona mwa kalavani tija si tonyamulira, ndi tongoletsa kugwedera mukagona.

Chotsani matayala, masulani makebulo a mabuleki pomwe amakumana ndi ndodo ya pakati, masulani mashoko kumunsi ngati alipo. Ikani jeke pansi pa ekisero kuti iisenze. Ma U-bolt akale musavutike nawo, aduleni ndi girayinda, nkhope ili kumbali chifukwa amafwamphuka akamaduka. Poti yanu ili pansi pa masipiring'i, ingotsika yokha pa jeke n'kuikokera kunja. Ikanakhala pamwamba, mukanamasula mashakolo, timikono tolendewera tolumikiza masipiring'i ku chesisi kumbuyo, kuti masipiring'i agwe. Pakhale anthu awiri. Chitsulo cha 50 mm chimalemera pafupifupi 20 kg pa mita imodzi, ndiye pamodzi ndi mahabu ndi madilamu mukukamba za 60 kg kapena kuposa.

Ekisero ikachoka, apa ndi pofunika kudekha, chifukwa dzenje lopinda chitsulo cha 45 mm silisiya zina zili bwino. Onani bawuti ya pakati pa sipiring'i, ija yomanga mapuleti onse pamodzi. Mutu wake ndi umene umalowa m'kabowo ka pa ekisero n'kuiletsa kutsetsereka. Ikakhala yopindika kapena yodukira mkati, ekisero yatsopano idzasuntha ulendo woyamba. Ndi yotsika mtengo, sinthani zonse ziwiri. Pukutani puleti yaikulu ya sipiring'i pafupi ndi maso ake ndi pafupi ndi bawuti ya pakati, muone ngati pali mng'alu, womwe kawirikawiri umaoneka ngati kamzere ka dzimbiri lofiira. Yerekezani kukhota kwa masipiring'i awiriwo. Ina ikagona kuposa inzake, sinthani zonse, osati imodzi. Onaninso mabushi, mabawuti a mashakolo, ndi powotcherera mahang'ala ku chesisi.

Kwezani yatsopano ndi jeke mpaka mitu ya mabawuti apakati ilowe m'timabowo take. Mangani ma U-bolt atsopano ndi dzanja kaye. Ndati atsopano, chifukwa U-bolt ikamangidwa imatamuka, ndipo yakale siigwiranso mofanana. Komanso musalole aja opindidwa kuchokera ku ndodo ya mazinga ya mu hadiweya. Ndodo imeneyo ndi yofewa, ndipo mazinga ali pokhota pomwe, ndiye imathyokera pamenepo. Pezani a giredi 8.8, a ngodya zinayi ofanana ndi ekisero, okhala ndi mawashala olimba ndi manati achitsulo okhala ndi nayiloni mkati.

Musanamange zolimba, yezani kuchokera pakati pa kapulini kufika pa nsonga ya sitabu yakumanzere, kenako yakumanja. Miyeso iwiriyi isasiyane kuposa 3 mm. Ikasiyana, kalavani imayenda cham'mbali ngati nkhanu ndipo matayala amatha msanga. Vuto likakhalapo, lifuneni pa bawuti ya pakati, pa hang'ala yopindika kapena pa mkono wokokera, osati kukulitsa kabowo ka pa ekisero. Zikafanana, mangani manati anayi a mbali iliyonse mopingasa, pang'onopang'ono, maulendo atatu, ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira: M12 pafupifupi 80 Nm, M14 pafupifupi 130 Nm, pokhapokha wopanga atanena zina. Mabawuti a mashakolo amalizeni kalavani itatsika pa matayala ake, ndipo asathine mpaka kuletsa shakolo kuyenda. Shakolo yomangika gwa imasandutsa sipiring'i kukhala mtanda wachitsulo, ndipo kugunda konse kumapita ku ekisero yanu yatsopanoyo. Ngati kalavani ilibe mashoko, ino ndiye nthawi yoikitsa.

Mayi_Makaniko25

Bambo, madala afotokoza bwino za zitsulo zazikulu. Ine ndikambepo za mabering'i ndi mabuleki, poti ntchito zambiri za ekisero zimawonongekera pamenepa.

Ngakhale ekisero ibwere yomangamanga, tsegulani zivindikiro za mahabu muone. Ena amangopaka girizi pang'ono woletsa dzimbiri. Gwiritsani ntchito girizi wa mabering'i a matayala, wa lithium complex, NLGI 2, ndipo musasakanize mitundu iwiri, chifukwa ina ikakumana imasungunuka n'kuchucha. Ikani girizi pachikhatho, kanikizani bering'i kuchokera kukamwa kwake kwakukulu mpaka girizi atulukire mbali inayo kuzungulira konse. Kungopaka kunja sikuthandiza. M'kati mwa habu musadzaze thothotho, girizi wochuluka amasunga kutentha n'kukankha silu. Bering'i imasinthidwa pamodzi ndi kapu yake, mphete yokhala m'kati mwa habu ija, nthawi zonse. Silu ilowe mlomo wake utayang'ana ku girizi, ndipo muigogode ndi thabwa kuti ilowe mofanana.

Kumanga nati ya pa sitabu kuli motere. Mangani mpaka pafupifupi 65 Nm mukuzunguza habu, kuti mabering'i akhazikike. Osazunguzanso habu, masulani natiyo mpaka ithe mphamvu, muimangenso ndi zala zokha, kenako ibwezeni pang'ono kufika pa mpata woyamba wolowa kapini. Kapini kakhale katsopano, osati msomali. Habu izizungulira momasuka, ndi kugwedera kochepa kwambiri kongomveka m'manja. Anthu ambiri amaganiza kuti kuthinitsa ndiye chitetezo, koma bering'i yothinitsidwa imapsa isanafike ku Mvera.

Mabuleki ali ndi lamanzere ndi lamanja, onani zilembo pa mapuleti ake musanamange. Nsapato za buleki zakale za kumanzere, ngati zinamwa girizi pamene habu inkatentha, zitayeni. Kutsuka ndi petulo sikuchotsa girizi wolowa mkati, ndipo zikatentha amatulukanso. Posintha, yambirani pa dilamu, kenako makebulo, ndodo ya pakati pomaliza. Handibuleki ikhale yomasula, kapulini itasololoka yonse kutsogolo. Mangani chosinthira cha pa dilamu mpaka tayala likane kuzungulira, n'kubweza pang'onopang'ono mpaka lizizungulira ndi kukhudza kochepa. Ngati mabuleki anu ndi aja omasuka okha pobwerera m'mbuyo, zunguzani tayala chopita kutsogolo kokha poyesa. Mukalizunguza chobwerera nsapato zimathawa dilamu, inu n'kumangowonjezera kumanga, mapeto ake mabuleki ogwira nthawi zonse. Kachitsulo kogawa mphamvu ku makebulo awiri kakhale kopingasa bwino, apo ayi tayala limodzi lizigwira lisanagwire linzake. Kankhaninso kapulini ndi dzanja: ikalowa mosavuta popanda kukana, kashoko ka mkati mwake kafa, ndipo kalavani izidzagunda galimoto nthawi iliyonse mukaponda buleki. Potsetsereka ngati pa Khwekhwelele, kuchokera ku Dedza kutsikira ku Golomoti, zimenezi si zazing'ono.

Tayala lomwe linagwera m'dzenje lichotsedwe pa limu kuti lionedwe mkati. Likakhala ndi chotupa m'mbali kapena ulusi woduka, lisakhale ngakhale la sipeya. Manati a matayala a M12 pa limu yachitsulo ndi cha m'ma 105 mpaka 110 Nm, mopingasa, mazinga ali ouma opanda girizi.

Mukamaliza yendani makilomita 10 opanda katundu, imani, gwirani mahabu onse awiri. Kufunda n'kwabwino. Kutentha koti dzanja silingakhalepo ndi vuto. Kukakhala pa chivindikiro cha pakati ndi bering'i, kukakhala pa dilamu ndi buleki yomwe ikukhuza. Ndipo m'nyengo ya mvula, mukafika pa mtsinje wowoloka ndi matayala, dikirani mahabu azizire. Habu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madzi kudzera pa silu, girizi n'kusanduka ngati phala lotuwa.

Makaniko_Biwi

Mayi anena zofunika. Ndiwonjezere za ena amene akuwerenga ali ndi makalavani opanda masipiring'i a mapuleti, aja a ekisero ya mphira mkati yokhala ndi timikono m'mbali. Zambiri tanenazi sizikukhudzani. Imeneyo imamangidwa ndi mabawuti ku chesisi, siiwongoledwa, ndipo siiwotchereredwa chifukwa moto umapsereza mphira za mkatimo. Imasinthidwa yathunthu, ndipo choyeza ndi mtunda wa mabowo a mabulaketi ndi kupendekera kwa timikonoto. Zina mwa izo, monga za AL-KO, zili ndi bering'i yotsekeratu ndi nati yomangidwa kamodzi kokha pa 290 Nm, ndiye kamangidwe ka ndi zala kaja musakayese pamenepo.

Kwa inu akulu a 47, ma U-bolt atsopano amakhwefuka utoto ndi dzimbiri za pakati pa mapuleti zikaphwanyika. Amangeninso ndi torque wrench mukayenda makilomita 50 oyamba muli ndi katundu, kenakonso pa 500, pamodzi ndi manati a matayala. Mu bokosi la zida muzikhala seti imodzi ya mabering'i opakiratu girizi m'kapulasitiki, silu, timapini tiwiri ndi sipanala yokwana nati ya pa sitabu. Manambala a mabering'i atsopanowo alembeni ndi penti mkati mwa chitseko cha khitchini, poti mukakwera pa 50 mm sakhalanso L68149 ndi LM12749 aja.